Ulendo wa kwa adokotala a mazira sayenda yekha munthu

Wandilembera mdzukulu wanga wina wa ku Johannesburg. Ali ndi zaka 39, anakwatiwa ali ndi 36 atayamba wamaliza sukulu n'kukhazikika pa ntchito, koma mpaka lero mphatso sinabwere m'nyumba. Adokotala amuuza za IVF, njira yokumanitsa dzira la mayi ndi mbewu ya bambo kuchipatala, kunja kwa thupi. Akuti: "Agogo, kodi mwana wopangira kuchipatala ndi mwana weniweni? Nanga ndibisa bwanji kuti apongozi asadziwe?"

Loyambalo usaonde nalo, mdzukulu wanga. Dzira ndi lako, mbewu ndi ya amuna ako. Adokotala amangozikumanitsa m'kambale, pakapita masiku atatu kapena asanu n'kubwezera m'chiberekero mwako, ndipo miyezi yonseyo wonyamula ndiwe, wosanza m'mawa ndiwenso. Woyamba kubadwa motere, Louise Brown, anabadwira ku Oldham ku England mu 1978, ine ndikuyamwitsa wachisanu. Anakula, anakwatiwa, n'kubereka ana ake awiri popanda thandizo la kambale. Ndiye ukati si mwana weniweni, adzukuluwo tiwatcha chiyani?

Chandikhumudwitsa pang'ono ndi chachiwirichi. Ukufunsa za kubisa, pamene ukanafunsa kuti, agogo, ulendowu ndiyenda ndi ndani?

Kwathu ku Dedza banja likadutsa dzinja ziwiri kuli zii, nkhani sinkakhala ya mkazi yekha. Anamkungwi ankamutengera mkazi kuseri, ankhoswe nawo ankamuitana mkamwini madzulo, kutali ndi ana, n'kumufunsa mosapita m'mbali kuti, "Kodi m'nyumbamo zikuyenda?" Munthu ankatuluka thukuta pamenepo, koma ankayankha. Sindikunena kuti zonse zimene ankagamula zinali zabwino ayi. Za fisi zija sindingamuuze mwana aliyense lero, matenda aja anatimaliza mokwanira. Koma taona nzeru yake: akuluakulu ankadziwa kuti vuto likhoza kukhala kwa bambo. Ankhoswe a masiku ano ntchito yawo ndi kuvala suti pa chinkhoswe, kusinthana nkhuku, kujambulitsa, basi. Ukawafunsa patatha chaka kuti ana aja ali bwanji, sakudziwa ndi komwe akukhala.

Ndikukumbuka mkulu wanga, malemu. Zaka 9 akumutcha chumba. Pachitsime amayi ankasiya kulankhula iye akafika. Kamphika ka mizu kanali kosachoka pamafuwa, kowawa kuposa ndulu, iye n'kumamwa atatsina mphuno, m'chiuno muli mkuzi. Koma kwa sing'anga sanapiteko yekha ngakhale tsiku limodzi. Azakhali athu ankatsogola, nkhuku ili kukhwapa, iye pambuyo, ndipo akabwera mwezi n'kuoneka, azakhaliwo ankagona naye pamphasa imodzi mpaka misozi iume. Banja litatha anakwatiwanso, ana anabwera anayi motsatizana. Apo m'pamene mudzi unadziwa amene anagwa mumpapaya.

Tsono m'kalata yako yonse sindinaonemo kuti amuna ako anayezedwa. Adokotala enieniwo amanena kuti pa mabanja atatu ovutika kubereka, limodzi kapena kuposerapo vuto limakhudza mwamuna, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta, ndalama yakenso siingafanane ndi ya IVF. Iwenso akuone bwino machubu ngati sanatsekeke, akuone ngati m'chiberekero mulibe zotupa, pakuti zimenezi zavuta amayi athu ambiri. Ena amathandizika ndi mapiritsi okhwimitsa mazira okha osafika kukambale.

Za msinkhu sindikunamiza. Mkazi amabadwa ndi mazira ake onse, saonjezekeranso, ndipo akadutsa zaka 35 amachepa msanga, otsalawo mphamvu n'kumatsika. N'chifukwa chake wa msinkhu wako amati miyezi 6 ikakwana aonane ndi adokotala, osadikira chaka. Ku Britain, kumene amalemba zimenezi mosamala, amayi a zaka 40 mpaka 42 ogwiritsa ntchito mazira awoawo, amene amanyamula mwana m'manja pa ulendo umodzi ndi pafupifupi mmodzi pa 10 alionse. Sindikukudzudzula kuti unachedwa, sukulu ija tinkaifuna tonse, ndipo ine ndinavina tsiku la digiri yako. Ndikungoti usazengerezenso, ndipo ukonzeke mtima kuti mwina ulendo woyamba ubwerako chimanjamanja.

Ndiye taganiza. Majekeseni a pamimba tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 kapena kuposerapo, thupi kulemera, mtima kupsa popanda chifukwa. Kenako masabata awiri odikira kuti zagwira kapena ayi. Akati sizinagwire, adzakuphikira phala ndani? Udzalirira foni? Zikagwiranso, mimba ya ukulu imafuna maso ambiri, kuthamanga kwa magazi ndi shuga zimakonda kubwera, sikelo uyambe msanga, wina azikuona mapazi ngati akutupa.

Ife mimba yoyamba inali ndi chisamba chake. Amayi akuluakulu ankakuzungulira, kukuuza mavalidwe, kadyedwe, zoyenera kupewa, ndipo kuyambira tsiku limenelo unkadziwa khomo loti ugogode usiku. Chinsinsi chinalipo, inde, koma tinkabisira anthu apanjira, osati eni mbumba. Inu mwatembenuza. Chithunzi cha sikani cha miyezi iwiri chili pa WhatsApp dziko lonse likuona, koma mayi wobereka amuna ako ndiye asamve kanthu. Ine zimenezi zimandizunguza mutu.

Sindikuti ukaimike mudzi wonse pabwalo. Apongozi ena pakamwa mpoyoyoka, ndikudziwa, ndipo ngati ako ndi otero, uyambe ndi azakhali ako kapena mkulu wako. Munthu mmodzi wamkulu, wosunga pakamwa, amene angakwere basi kubwera kudzakhala nawe masabata amenewo. Amuna akonso aimbire nkhoswe yawo, aiuze okha ndi pakamwa pawo. Ndipo musanalipire kalikonse, bamboyo ayambe walowa m'kachipinda kaja ndi kabotolo kake kukayezetsa umuna. Akachita manyazi undipatse pa foni, ndilankhula naye ine.