Mabriketi a udzu pa chitetezo mbaula, zingatheke?

Mayi wina wa ku Ekwendeni wanditumizira imelo, akuti gulu lawo likufuna kuyamba kupanga mabriketi a udzu (timibulu ta udzu wofinyidwa tophikira) m'malo mwa nkhuni, ndiye akufunsa ngati angayake pa chitetezo mbaula (mbaula yadothi ija yosatha nkhuni zambiri) kapena angotaya nthawi.

Mayi, zimatheka ndithu koma musayembekezere moto wa makala. Udzu uli ndi phulusa lambiri kuposa nkhuni, ndiye mbaula imadzadza msanga, mpweya osalowanso, basi moto uja kumangofuka inu mukuuzira misozi ili mbwembwembwe. Mbaula za chitetezo zimene zinafala boma litalonjeza mu 2013 kuti zifike 2 miliyoni pofika 2020 zija anaumbira tinkhuni tolowetsa pa khomo lam'mbali, choncho briketi lanu likhale laling'ono, la bowo pakati, muziyatsira tizitsotso kaye ndipo phulusa muzipala pafupipafupi. Tiyi, phala, masamba, nsima ya banja laling'ono, bhobho. Nyemba zouma zokha ayi, pamenepo sakanizani ndi nkhuni.

Kapangidwe sikovuta. Duladulani udzu, munyike m'madzi mpaka ufewe, musinje mu mtondo wakale (osati wokonolera chimanga chonde), muthire mapepala onyika kapena kaphala ka ufa wa chinangwa kuti zigwirane, kenako mufinyire mu paipi yoboola m'mbali, kamtengo kali pakati, madzi atuluke. Mukapeza utuchi onjezerani, umathandiza kuti briketi lisamathe msanga, ndipo kuno nkhalango ya Chikangawa, komwe amacheka matabwa, ili pafupi. Tija tating'ono tolimba mumationa pa intaneti timafuna makina a magetsi ndi mbaula yakeyake, nthawi zambiri ya kafani, kumudzi zimenezo zisiyeni kaye.

Pomwe ambiri amagwera mphwayi ndi pa kuyanika. Mzuzu mukuidziwa, mvula imakakamira mpaka Epulo kapena Meyi, Juni ndi Julayi chifunga ndi kawaza, briketi kunja limaoneka louma mkati likadali chinyontho, pakapita sabata lachita nkhungu. Pangani ambiri kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala, muthyole limodzi muone mkati musanasunge, ndipo muike pa nsanja mu khitchini osati pansi.

Koma tsekera wofolera nyumba musamuwononge, mtolo wake muugulitse uli choncho, nsenjere nayo asiyireni oweta ng'ombe zamkaka. Tengani udzu wa m'malire mwa minda ndi m'mbali mwa msewu anyamata osaka mbewa asanautenthe, muphatikize ndi makoko a mtedza ndi mapesi.