Injini Yatsopano Kufa Msanga

Funso: Akulu, n'chifukwa chiyani injini za galimoto zina zatsopano zimafa zisanayende n'komwe mtunda wautali? Wowerenga wa ku Zomba.

Yankho: Nthawi zina vuto limachokera kufakitale komweko. Mu 2015, kampani ya Hyundai inaitanitsa galimoto za Sonata pafupifupi 470,000 zimene inali itagulitsa kale ku America kuti zikakonzedwe chifukwa tizitsulo totsalira posema crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira m'kati mwa injini) sitinachotsedwe bwino. Tizitsuloti tinkatseka njira za oilo, mabering'i (pamene crankshaft imazungulirapo) n'kuuma, injini n'kuyamba kugogoda mpaka kunokeratu galimoto ili pamsewu. Nayonso Toyota, imene ambiri kuno amaikhulupirira, inaitanitsa Tundra ndi Lexus LX zoposa 100,000 mu 2024 pa vuto lofananalo. Mukamva kugogodako, imitsani galimoto pomwepo muitane makaniko, chifukwa kuwonjezera oilo sikungachiritse mabering'i amene adyeka kale.