Za flywheel yopepuka ija, ndi manyazi amene ndinachita pa hampu ya ku Kapata

Sabata yatha kwabwera imelo ya mnyamata wina wa ku Petauke, akuti ali ndi Altezza RS200 ya manyuwo, kilachi yayamba kuterereka, ndiye poti giyabokosi itsika kale akufunsa ngati aikiretu flywheel (chigudumu chachitsulo chija chokhala pakati pa injini ndi kilachi) yopepuka, ndipo agule ya aluminiyamu kapena yachitsulo. Achimwene, mwandigunda pachilonda. Ndinawerenga ndikuseka ndekha mpaka amayi akunyumba anafunsa kuti kodi muli bwinobwino inu.

Ine matenda amenewa anandigwira kawiri. Koyamba ndinali ndi ka Corolla kakale, ndalama ndilibe koma magazi akuwira, ndiye mnzanga wina anandinamiza kuti palibe chifukwa chogulira yatsopano, ingochotsa yomweyo upite nayo kwa a lathe, makina osendera zitsulo aja, aisende kumbuyo. Tinapitadi. Mkulu wake anaisenda osayeza ngakhale balansi, zitsulo zili mbwee pansi, ine ndikumwetulira ngati ndawina mpira. Titabweza, injini ikangofika pa ma rev 4000, kuzungulira kwake pa mphindi, galasi loonera kumbuyo limanjenjemera osaona kanthu, chiwongolero chikuchititsa dzanzi m'manja, ndipo pasanathe miyezi iwiri oyilo anayamba kudontha pakati pa injini ndi giyabokosi. Madala ena amakanika amene anakonza zimenezo anandikalipira ngati mwana wawo, akuti chitsulo cha cast iron ukachisenda chimafooka, tsiku lina pa ma rev apamwamba chimaphulika n'kuboola bell housing, chigoba chophimba kilachi chija, ngati chipolopolo. Mu Altezza yanuyo injini inagona cham'litali, flywheel ili pafupi ndi miyendo yanu yomwe. Wina akakuuzani za lathe muthaweni.

Mukanakhala inu mukanaphunzira, koma ine ayi. Nditagula Altezza yanga, yomweyo ya injini ya 3S-GE BEAMS, magiya sikisi, ija Toyota anayamba kutulutsa mu 1998 yokhala ndi mphamvu ya mahatchi 210 (PS) pa pepala, ndinati tsopano ndichita zachizungu. Ndinaitanitsa ya aluminiyamu ku Johannesburg, yopepuka kwambiri imene ndinapeza, yoti unyamula ndi dzanja limodzi uku ukumwa tiyi. Tsiku loyamba eee, ukangokhudza mafuta singano ili kumwamba kale, phokoso lake anyamata a njinga pa Down Shops kuno ku Chipata ankacheuka onse. Ndinayenda ndi mapewa okwera masiku atatu.

Tsiku lachinayi lake ndinanyamula apongozi anga kuchoka nawo ku msika wa Kapata, kumbuyo matumba awiri a chimanga ndi nkhuku zamoyo, kutsogolo hampu, njinga uku ndi uku. Ndinachepetsa liwiro, ndikweze phazi pa kilachi, motoka zii. Kuliza, kuyesanso, zii. Kachitatu ndinaponda mafuta mwaukali, matayala analira, nkhuku zinalira, apongozi anagwira chitseko ndi manja awiri. Sanakalipe ayi, anangofunsa mwaulemu kuti kodi atate, laisensi ija munatenga liti. Mpaka lero funso limenelo limandiwawa.

Chimene sindinkamvetsa ndi ichi, ndipo anthu ambiri okonda liwiro safuna kuchimva: flywheel siwonjezera mphamvu ya injini ngakhale hatchi imodzi. Ntchito yake ndi kusunga mphamvu yozungulira. Pitani pa chigayo chilichonse cha dizilo kumudzi, muone chigudumu cholemera chili pambali pa injini ija ya silinda imodzi. Pisitoni imakankha kamodzi, kenako chigudumu ndicho chimapitiriza kuzungulitsa mpaka ikankhenso, n'chifukwa chake wachigayo akathira chimanga chambiri injini imangobuula koma osazima. Ya mu motoka ndi chimodzimodzi, kungoti ilinso ndi mano m'mbali pomwe sitata imaluma, komanso nkhope yake ndi pomwe kilachi imagwira. Mukaichepetsa kulemera injini imakwera ma rev msanga chifukwa ilibe katundu wambiri woti izungulitse, zimenezo ndi zoona, ndipo zimamveka kwambiri mu giya wani ndi thu. Pofika giya faifi pa Great East Road kusiyana kwake simukumva n'komwe. Koma ma rev aja amatsikanso msanga, ndiye posintha giya muyenera kufulumira dzanja apo ayi motoka imagwedeza mutu, ndipo ponyamuka pamtunda palibe chokusungirani mphamvu, zonse zili pa phazi lanu.

Ndipo tinene zoona, ife timayendetsa kuti? Tilibe bwalo la mpikisano kuno. Tili ndi mahampu, mapiri a Chipata, ma roadblock, ndi mzere wa motoka wopita ku Mtenguleni pa mwambo wa Nc'wala mu February, pomwe umayenda mamita khumi n'kuima, khumi n'kuima, kilachi mpaka kununkha. Inu a ku Petauke mukamapita ku Lusaka mumadziwa zitunda za ku Kacholola ndi ku Luangwa, ukatsekeredwa kumbuyo kwa thiraki ikukwawa ndipo malo opitirira palibe. Anyamata a m'mavidiyo aja amene timawasirira motoka zawo zimafika pa bwalo zitakwera thirela, sizinyamula apongozi. Ine ndafika poti ndikaona munthu waika flywheel ya makilo anayi mu motoka yopitira kuntchito ndimadziwa kuti wagulira makutu a anzake osati yekha.

Ndiye panali kaphokoso kena, motoka ikaima pa nyutirolo giyabokosi imachita kwetekwete ngati muli timiyala m'chitini, ukaponda kilachi phokoso zii. Ndinataya ndalama kusintha oyilo wa giyabokosi kawiri ndisanadziwe kuti si kuwonongeka, ndi magiya akugundana chifukwa kunjenjemera kwa injini kulibe chokumeza. Aliyense wokwera amafunsa kuti motoka yadwala chani, ndipo ndinatopa kuyankha. Pamene ndinkagulitsa motokayo, wogula anatsitsa mtengo chifukwa cha phokoso lomwelo, nkhani ina imeneyo, ndidzalemba tsiku lina za anthu ogula motoka ndi makutu.

Tsopano funso lanu

Giyabokosi ikatsika yang'anani kaye chimene chilimo. Ngati ndi dual mass, ija ya zigawo ziwiri yokhala ndi masipuling'i mkati, ndipo mukufuna kuika ya chitsulo chimodzi, kilachi puleti yake ikhale ya masipuling'i pakati, apo ayi giyabokosi idzamva kuwawa. Gulani zonse pamodzi ngati kit, flywheel, puleti ndi pressure plate yoipanikiza ija, zolembedwa kuti ndi za SXE10, nambala ya mtundu wa Altezza yanuyo, osasakaniza za uku ndi uku. Ine ndikanasankha yachitsulo cha chromoly, yapakatikati, cha m'ma 6 kapena 7 kg, osati yopepukitsitsa. Ya aluminiyamu ili ndi ubwino woti nkhope yake yachitsulo imamasulidwa n'kusinthidwa ikatha, koma mudzaipeza kuti nkhopeyo kuno, mudzadikira masabata motoka ili pa mitengo. Mayina ngati Exedy, ACT ndi Toda ndi odziwika, ndipo ikakhala ndi chizindikiro cha SFI, bungwe loona za chitetezo cha zida za motoka za mpikisano, ndiye kuti mtundu wake unayesedwa pa liwiro lalikulu. Musanamange iikeni pambali pa yakale, muwerenge mabowo a mabawuti ndi mano a sitata. Mabawuti akhale atsopano, amangidwe ndi torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira, modumphadumpha, osati ndi paipi ndi mphamvu za nsima. Sinthiranitu release bearing, pilot bearing ndi oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft, kutsitsa giyabokosi kawiri ndi ndalama ziwiri. Makilomita 500 oyamba yendani ngati mwanyamula mazira.

Koma ngati yomwe ilimoyo ili bwino, ilibe ming'alu kapena mawanga a buluu akupsa, ndipo motokayo ndi yomwe imapita ndi ana kusukulu, ikani kilachi yabwino basi, zotsalazo mugule matayala. Munditumizire chithunzi chake ikatsika ndione nkhope yake.