Musaziphatikize tsiku lomwe zafika

Achimwene, mukagula mbalame zoweta zatsopano musazilowetse m'khola limodzi ndi zakale tsiku lomwe zafika, ngakhale wogulitsayo atalumbira kuti zilibe vuto. Ine munthu wina anandigulitsa ma zebra finch, mbalame zing'onozing'ono zoweta m'khola, m'mwezi wa Juni, nthawi imene kuno ku Dedza chifunga chimaphimba phiri mpaka dzuwa litakwera, ndipo ananditsimikizira kuti zikhoza kulowa m'khola la m'nyumba nthawi yomweyo. Sabata isanathe, kamodzi kanayamba kufufumitsa nthenga n'kumagona pansi masana. Usiku kukakhala zii ndinkamva kaphokoso kothetheka kakamapuma, mchira ukugwedera ndi mpweya uliwonse, kamlomo kali yasa. Posakhalitsa zanga zakale zinayambanso chimodzimodzi. Chimene chinandipweteka mtima kwambiri ndi yaikazi imene inkafungatira mazira, chifukwa ndinaipeza m'mawa itauma m'chisa, mazira atazizira pansi pake, yaimuna ikungolowa ndi kutuluka uku ikulira. Nditamuimbira munthu uja, anandiyankha mopanda manyazi kuti zafa ndi chisanu cha kwathu, ndipo kuchokera tsiku limenelo foni yanga sanayankhenso. Munthu wodziwa kuti m'khola mwake muli matenda koma n'kumalandirabe ndalama za anzake ndi wakuba, ndipo sindidzamutchula dzina lina.

Zatsopanozo zikhale m'chipinda china kwa masiku osachepera 30, ndi ziwiya zakezake, uku mukumvetsera kapumidwe kake ndi kuyang'ana ndowe komanso utitiri. Tsiku loziphatikiza musunthe timitengo tokhalapo, muike mawere ndi madzi m'malo angapo, ndipo musalowetse imodzi yokha, chifukwa zakale zimaizula nthenga. Zisa zichuluke kuposa mabanja, apo ayi zidzalandana mpaka kuswa mazira.

Za kuswana musafulumire. Zebra finch yaikazi imaikira mazira 4 mpaka 6, amaswa patapita pafupifupi masabata awiri, ndipo tiana timatuluka m'chisa titakwanitsa masabata atatu. Mbalame zimenezi n'zochokera ku Australia ndipo sizidikira nyengo. Chisa chikakhalapo zimangoikira mpaka yaikazi kutheratu mphamvu, choncho ikalera kawiri chotsani chisacho ipume. Muziipatsa zikhokhombe za mazira a nkhuku zowiritsa ndi kusinja bwino, kuti dzira lisaikanirire m'mimba.

Komabe chisanu musachipeputse, pakuti Juni ndi Julayi wa kuno amapha mbalame zing'onozing'ono. Khola likhale kutali ndi zenera, usiku muzilifunditsa nsalu, koma mbaula isalowe m'chipindamo chifukwa mpweya wa makala umazipha msanga kuposa kuzizira. Ndipo tiana tikakula mudzafunikabe kugula zina kwa anthu akunja kuti zapachibale zisakwerane, chifukwa zikatero ana ake amabadwa ofooka.