Mafunso Anu: Zitsulo Zobisika M'khoma la Konkire

Funso: Zikomo akonzi. Kuseri kwa nyumba yomwe tinagula kuli khoma la konkire lotchinga dothi. Tikufuna kubowolamo mabowo otulutsira madzi, koma mapulani ake anasowa. Tingadziwe bwanji pamene padutsa zitsulo, ndiponso ngati zili Y12 kapena Y16 (zitsulo zonenepa mamilimita 12 kapena 16)? Ndine wowerenga wanu wa ku Zomba.

Yankho: Mwachita bwino kufunsa musanayambe kubowola, chifukwa pa khoma lotchinga dothi zitsulo zoimirira ndizo zimasenza katundu, ndipo kudula chimodzi si nkhani yaing'ono.

Amisiri amagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa cover meter, monga Profometer kapena Ferroscan ya Hilti. Kamatulutsa mphamvu ya maginito, ndipo kakafika pamwamba pa chitsulo kamalira n'kuonetsa kuya kwake. Kayendetseni pang'onopang'ono chopingasa, muzilemba ndi choko paliponse pamene kalira kwambiri. Amenewo ndi malo a zitsulo zoimirira. Kenako kayendetseni chokwera pakati pa mizere iwiri kuti mupeze zogona. Nthawi zambiri mudzaona kuti zatalikirana mamilimita 150 mpaka 300, ndipo zalowa mkati mwa khoma mamilimita 25 mpaka 50. Ngati pali pulasitala, muchotsere kunenepa kwake pa nambala yomwe mwapeza. Wotchi ndi mphete muvule, zimasokoneza.

Povuta ndi pa kukula kwa chitsulo. Makinawa amalozera bwino malo, koma pa saizi amangoyerekeza. Chitsulo chaching'ono chomwe chili pafupi chimamveka ngati chachikulu chomwe chili kutali. Pamene zitsulo ziwiri zalumikizidwa mogundana, makina amaziwerenga ngati chimodzi chonenepa. Mawaya omangira, misomali yotsalira pa matabwa, ngakhale paipi yachitsulo ya magetsi, zonsezi zimanamiza. Chitsulo chikapitirira mamilimita 60 kulowa mkati, saizi yomwe makina akupatsaniyo musaidalire.

Choncho ife timati: tsegulani muone ndi maso. Sankhani malo awiri kapena atatu, gobani kabowo ka mamilimita 100 mbali zonse ndi hamala ndi tchizulo, mosamala kuti musatheme chitsulocho. Pukutani dzimbiri, kenako yezani ndi kachipangizo koyezera kunenepa kwa zinthu kotchedwa vernier caliper. Samalani apa: Y12 ili ndi timizere totukuka, ndiye mukayeza pamwamba pa timizereto mupeza mamilimita 13 kapena 14 n'kuganiza kuti ndi saizi ina. Yezani pakati pa timizere. Mukatha, lowetsani saizi yeniyeniyo m'makina, ndipo kuya komwe azikuuzani pa khoma lonse kuzikhala kolondola kuposa poyamba. Kabowoko katsukeni, kanyowetseni, n'kukatseka ndi matope olimba a simenti tsiku lomwelo, kuti madzi asayambitse dzimbiri.

Khoma lanulo likhoza kukhala ndi mizere iwiri ya zitsulo, ndipo zofunika kwambiri zimakhala mbali ya kudothi, komwe cover meter safikako. Pamenepo pamafunika radar, yomwe imaona mpaka mamilimita 300 kapena kupitirirako, ngakhale kuti konkire yonyowa imaifooketsa ndipo siingakuuzeni saizi ya chitsulo. Itanani injiniya asankhe malo a mabowo. Pobowola, mukamva kuti mwagunda chitsulo, lekani pomwepo, musunthe mamilimita 50 cham'mbali.