Mbendera Zimene Sitima Zimalankhulirana Nazo Panyanja

Funso: Ndili pa doko la Beira ndinaona sitima yapamadzi itakweza kambendera kachikasu kopanda chizindikiro chilichonse. Kodi ndi ka dziko liti? (Wowerenga wa ku Dedza)

Yankho: Kambendera kameneko, bambo, si ka dziko lililonse, koma ndi chilembo Q pa mbendera 40 zimene amalinyero a mayiko onse amatumizirana nazo mauthenga. Akakweza chokhacho amakhala akuuza akuluakulu a padoko kuti m'sitimamo mulibe matenda, ndipo akupempha chilolezo choti anthu atsike ndi kukwera.

Mwa mbenderazi, 26 ndi zilembo, 10 ndi manambala, ndipo zinayi zotsalazo ndi zobwerezera chilembo ndi yoyankhira. Dongosololi linasindikizidwa koyamba ku Britain mu 1857, ndipo lerolino limayang'aniridwa ndi bungwe loona za maulendo a panyanja padziko lonse la International Maritime Organization.

Imene ife timaiona kuti ndi yofunika kuidziwa aliyense ndi ya O, yofiira ndi yachikasu, mitunduyo itagawanika kuchokera pangodya ina kukafika pangodya yoyang'anizana nayo, chifukwa imanena kuti munthu wagwera m'madzi, ndipo woyendetsa sitima ina, ngakhale asamve chinenero cha anzakewo kapena wailesi itafa, amadziwa nthawi yomweyo kuti ayambe kuyang'ana pamafunde.