Ana athu sakusankhidwa: tifunse ahedi kapena a ku boma?

Mayi ena a ku Thekerani andilembera pa imelo. Akuti pasukulu ya mwana wawo, ana amene asankhidwa kupita ku sekondale chaka chino ndi ongowerengeka pa zala, ndipo makolo akufuna ahedi achoke. Akufunsa kuti wolakwa ndani, ahedi kapena ofesi ya maphunziro ku boma.

Mayi, mkwiyo wanu ndikuumva, koma musathamangire kuchotsa munthu. Choyamba, kukhoza ndi kusankhidwa ndi zinthu ziwiri. Mwana akhoza kukhoza bwinobwino mayeso a MANEB a Sitandade 8 koma osasankhidwa, chifukwa malo ku sekondale ndi ochepa. Ahedi alibe mphamvu pa zimenezo. Funsani kaye kuti amene anakhoza ndi angati.

Chimene chimandipweteka ine ndi chakuti timayang'ana Sitandade 8 pomwe zinthu zimaonongekera ku Sitandade 1 ndi 2. Chiyambire maphunziro aulere m'chaka cha 1994, makalasi aang'ono ndi amene amadzaza kwambiri. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma kalowenimo m'mawa wina mukawerenge nokha mitu. Mwana amene wafika Sitandade 4 asakudziwa kuwerenga Chichewa, ku Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa akayamba kuphunzitsidwa m'Chingerezi amangokhala chete, ndipo palibe kalasi ya m'mawa kapena yamadzulo imene ingamupulumutse mu Sitandade 8.

Ahedi afunseni zimene zili m'manja mwawo. Kodi aphunzitsi amafika nthawi yanji? Aphunzitsi aluso anawaika kumakalasi aang'ono, kapena onse anawaunjika ku Sitandade 8 kuti sukulu imveke dzina? Nanga ndalama zotukulira sukulu, zija amati SIG, zinabwera zingati ndipo zinagula chiyani? Komiti ya sukulu imasaina nawo ndalama zimenezi, choncho inu makolo muli ndi ufulu wonse woona malisiti. Kufunsa si mwano ayi.

Koma ahedi salemba aphunzitsi ntchito, sagawanso okha. Kugawa aphunzitsi ndi udindo wa ofesi ya maphunziro ya khonsolo ya Thyolo, ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri amakonda kukhala kufupi ndi msewu wa tala, ku Bvumbwe kapena ku Luchenza, kusiyana ndi kumapiri kwanuko kumene nyumba za aphunzitsi ndi zosowa. Pamenepo wofunsidwa ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a zoni yanu, amene ntchito yawo ndi kuyendera sukulu, komanso khansala wanu, chifukwa nkhani za sukulu za pulayimale zimakambidwa kukhonsolo. Afunseni a PEA kuti anafika liti komaliza pasukulupo, ndipo anapeza chiyani.

Nafenso makolo tilipo pa mlanduwu. Nyengo ya mvula, ntchito yothyola tiyi ndi ya kumunda ikachuluka, ana ambiri amatsala pakhomo kulera azing'ono awo, ndipo amajomba masabata.

Pamsonkhano wa makolo ndi aphunzitsi (PTA) ukubwerawu, Mayi, pemphani kuti abweretse kaundula wa Sitandade 1 ndi buku limene aphunzitsi amasaina m'mawa, ndipo muitanenso a PEA adzakhalepo. Mukatero mundilemberenso zimene mwapeza.